Kudzipenda Kumene Kumatchinjiriza Mtima

Lemba lotsogolera phunziroli: 2 AKORINTO 13:5.

1, 2. (a) Kodi mwininyumba wanzeru amagogoderanji mizati ya nyumba yake? (b) Kodi nchifukwa ninji mtima wophiphiritsira umafunikira chisamaliro chofananacho?

CHISWE sichichita phokoso. Chimaloŵa mumzati kuchokera pansi pa nthaka ndi kudya mkati mwake pang'onopang'ono, chikumasiya kunja kuli kosalala monga kale. Alendo angacheze pakhonde pa nyumba yoteroyo, ana angayedzamire mzatiwo, ndipo palibe amene angaone cholakwa kufikira tsiku limene chimphepo chigwetsa denga. Mwininyumba wanzeru samayembekezera tsiku limenelo. Nthaŵi ndi nthaŵi, makamaka mvula isanayambe, iye amayendera mizati ndi mitanda, akumaigogoda ndi kutchera khutu. Mtengo wolimba uli ndi kaliridwe kake, ndipo wofumbwa ulinso ndi kake. Ntchitoyo njamphindi zoŵerengeka chabe, koma ingapulumutse banja lonse.

2 Zimene zimachitikira mzati zingachitikirenso mtima wophiphiritsira, ndiko kuti munthu wamkati limodzi ndi malingaliro ake, zikhumbo zake, ndi zolinga zake. Nkhaŵa, mkwiyo wosungidwa, kaduka, chisoni, ndi kutopa zingadye munthu mkati pamene iye akupitabe kumunda kapena kuntchito, akupereka moni mosekerera, ndi kusonkhana ndi mpingo. Nchifukwa chake Miyambo 4:23 imaika kusunga mtima patsogolo pa zinthu zina zonse zofunika kusungidwa, popeza kuti moyo umatumphuka mmenemo. Vutoli silili la anthu oŵerengeka. Mu 2022, bungwe la World Health Organization linalengeza kuti mu 2019 pafupifupi munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko lapansi, anthu okwanira mamiliyoni 970, anali ndi vuto lina la maganizo, ndipo mavuto ofala koposa anali nkhaŵa yopambanitsa ndi tondovi. Atumiki a Mulungu saali kunja kwa chiŵerengero chimenecho.

3. Kodi Paulo anapereka uphungu wotani kwa Akorinto, ndipo kodi ndi mafunso otani amene amabuka?

3 Cha m'ma 55 C.E., mtumwi Paulo analembera mpingo wa ku Korinto, kumene ena anali otanganitsidwa ndi kufunafuna umboni wakuti Kristu analikulankhuladi mwa iye. Paulo anatembenuzira diso lawolo kwa iwo eni, akumawauza kuti adziyese okha ngati analidi m'chikhulupiriro. (2 Akorinto 13:3, 5) Kuona zikundu za mnzako nkosavuta. Kuona zako kumafuna kuyesayesa kwadala. Chotero, kodi kudzipenda koyenera kumachitidwa motani? Kodi muyezo wake nguti? Ndipo kodi Mkristu angadziŵe bwanji kuti kudzipenda kwake kwayamba kumvulaza mmalo mwa kumthandiza?

Mafunso Amene Mulungu Anafunsa

4. Kodi Yehova anathandiza motani Kaini, nanga nchiyani chinatsatira pamene iye sanalabadire?

4 Cholembedwa choyamba cha munthu wopemphedwa kupenda malingaliro ake chili pa Genesis 4:3-8. Pamene nsembe ya Abele inalandiridwa ndipo yake inakanidwa, Kaini anapsa mtima kwambiri, ndipo nkhope yake inasonyeza zimenezo. Yehova anamfunsa chifukwa cha mkwiyo wakewo ndi cha tsinya lake. Mulungu anali kudziŵa kale yankho. Funsolo linali lothandiza Kaini kuima kaye ndi kuona chimene chinali kukula mwa iye. Ndiyeno Mulungu anayerekezera tchimo ndi chilombo chobisalira pakhomo, namuuza kuti akanatha kuchigonjetsa. Panthaŵiyo Kaini anali asanachite upandu uliwonse. Anali chabe munthu wokwiya. Koma iye sanayankhe funsolo, ndipo mkwiyo umene anakana kuuyang'ana unamfikitsa pa kupha mbale wake.

5, 6. (a) Kodi Eliya anafika motani pa kupempha imfa? (b) Kodi Mulungu anayamba ndi chiyani pomthandiza, ndipo kodi funso Lake linavumbulanji?

5 Chitsanzo cha Eliya nchosiyana, pakuti iye anali mneneri wokhulupirika. Paphiri la Karimeli anali atayang'anizana ndi aneneri 450 a Baala, ndiyeno anathamanga patsogolo pa gareta la Ahabu kufikira ku Yezreeli. Atamva kuti Yezebeli analumbira kumupha, anathaŵira ku Beereseba, ulendo wa makilomita pafupifupi 150. Kumeneko anasiya mnyamata wake, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo ndi kupempha kuti afe. Nzochititsa chidwi kuti Mulungu sanayambe ndi chidzudzulo, ndipo sanayambe ngakhale ndi funso. Analola mneneriyo kugona, ndipo kaŵiri konse mngelo anampatsa mkate ndi madzi. (1 Mafumu 18:22, 46, 19:1-8) Mlengi wa thupi amadziŵa kuti munthu wanjala ndi wosoŵa tulo samaona zinthu molongosoka.

6 Pambuyo pa ulendo wa masiku 40, Eliya anafika kuphanga la ku Horebu, ndipo kumeneko Yehova anamfunsa kaŵiri chimene anali kuchita pamalopo. Mayankho ake onse aŵiri anali amodzimodzi: anagwira ntchito mwachangu, mtundu unapanduka, aneneri anaphedwa, ndipo iye anatsala yekha. Zambiri za zimenezi zinali zoona, koma mfundo yomalizayo inali yolakwika. Itangotchulidwa poyera, inatheka kuwongoleredwa. Mulungu anamuuza kuti munali anthu 7,000 mu Israyeli amene sanagwadire Baala, anampatsa ntchito yoti achite, namsonyeza Elisa, amene anakhala mnzake wa muutumiki. (1 Mafumu 19:9-21) Kaŵirikaŵiri pansi pa kulefulidwa pamakhala lingaliro lina limene munthu walikhulupirira popanda kuliyesa.

7. Kodi mafunso a Mulungu kwa Kaini, Eliya, ndi Yona amaphunzitsanji?

7 Yona nayenso anafunsidwa kaŵiri ngati kukwiya kwake kunali koyenera: poyamba pamene Nineve anasiyidwa wosawonongedwa, ndiyeno pamene chomera chimene chinampatsa mthunzi chinafota. Iye anali kulira chomera cha usiku umodzi pamene miyoyo ya anthu oposa 120,000 sinamkhudze. (Yona 4:1-11) Mafunso a Mulungu kwa amuna atatuwa amasonyeza njira. Kwa Kaini funso linali la chochititsa, kwa Eliya linali la kumene anafika, ndipo kwa Yona linali lakuti kaya malingaliro akewo anali olingana ndi ukulu wa nkhaniyo. Mkristu wanzeru amaphunzira kudzifunsa yekha mafunso ameneŵa zinthu zisanaipe.

Kutcha Malingaliro ndi Dzina Lake

8, 9. (a) Kodi ndi masitepe otani amene amaonekera m'Salmo 42 ndi 43? (b) Kodi Asafu ndi Nehemiya anapindula motani ndi kudzipenda?

8 Olemba Baibulo ena anachita zimenezo kumene. M'Salmo 42, logwirizanitsidwa ndi ana a Kora, ndi m'Salmo 43, wolambira wina amene anali kutali ndi nyumba ya Mulungu amalankhula ndi moyo wake katatu, akumaufunsa chifukwa chimene wataira mtima ndi kuvutikira. (Salmo 42:5, 11, 43:5) Iye samabisa kuti akulira usana ndi usiku. Amatchula zochititsa: adani akumtonza, ndipo walakalaka masiku amene ankapita ndi khamu kumapwando opatulika. Ndiyeno amadzilangiza kuyembekezera Mulungu. Masitepe ake ngatatu: kuvomereza mmene akumvera, kufufuza chochititsa, ndi kulunjikitsa maganizo pa chiyembekezo. Kubwerezedwa katatu kwa funsolo kumasonyeza kuti mtima wovutika sumakhazikika mwa kuulankhula kamodzi kokha.

9 Asafu, Mlevi woimba, anavomereza kuti anatsala pang'ono kuterereka. Atafufuza, anapeza kuti chinali kumudya chinali kaduka poona oipa akulemera ndi kukhala mosatekeseka. Anafika ngakhale pa kulingalira kuti kusunga mtima wake woyera kunali kwachabe. Zinthu zinamvekera bwino ataloŵa m'malo opatulika a Mulungu ndi kulingalira za mapeto a anthu amenewo. (Salmo 73:2, 3, 13, 16, 17) Nehemiya anakwiya kwambiri atamva kuti Ayuda olemera anali kukongoza abale awo mwakatapira kufikira osaukawo anapinyolitsa minda ndi kupereka ana awo muukapolo. Mkwiyo wake unali woyenera, komabe anayamba wasinkhasinkha mumtima mwake asanadzudzule akuluakuluwo, ndipo mawu ake anabala zipatso.—Nehemiya 5:1-13.

10. Kodi ofufuza amakono apezanji ponena za kufotokoza malingaliro ndi mawu?

10 Ofufuza amakono aona phindu la kufotokoza malingaliro ndi mawu. Mu 2007, Matthew Lieberman ndi anzake a pa University of California ku Los Angeles anafalitsa zimene anapeza pounika ubongo wa anthu amene anali kuyang'ana zithunzithunzi za nkhope zaukali ndi zamantha. Pamene anthuwo anasankha liwu lotchula mkhalidwe wa nkhopeyo, kachigawo ka ubongo kochenjeza za ngozi, kotchedwa amygdala, kanachepetsa kugwira ntchito kwake. Kalelo mu 1986, James Pennebaker ndi Sandra Beall anasimba za ophunzira a payunivesite ina ku Texas amene anapemphedwa kulemba kwa mphindi 15 patsiku, masiku anayi otsatizana. Amene analemba za chochitika choŵaŵa limodzi ndi mmene chinawakhudzira anamva chisoni atangomaliza kulembako, koma m'miyezi yotsatira anapita kuchipatala kocheperapo. Chilombo chimene chaonedwa ndi kudziŵika sichiwopsa mofanana ndi chimene chikungomveka mumdima.

Kodi Muyezo Wake Nguti?

11, 12. (a) Kodi Seneca anali ndi chizoloŵezi chotani? (b) Kodi njira yotchedwa mindfulness inayamba motani kufala, ndipo kodi kudzipenda kwa Mkristu kumasiyana nayo motani?

11 Kudzipenda kunali kodziŵika ngakhale pakati pa anthu osalambira Mulungu woona. Seneca, wafilosofi wachiroma wa m'zaka za zana loyamba, anali mbale wa Galiyo, kazembe wa Akaya amene Paulo anaimirira pamaso pake ku Korinto. (Machitidwe 18:12-17) M'nkhani yake yonena za mkwiyo, imene analembera mbale wakeyo, Seneca anasimba kuti usiku uliwonse, nyali itachotsedwa ndipo mkazi wake atakhala chete, iye ankabwereramo m'zochita ndi zonena zake zonse za tsikulo, osabisa kalikonse. Chizoloŵezicho chinali chanzeru. Komabe, m'bwalo lamilandu limenelo Seneca yemweyo ndiye anali woimba mlandu, woimbidwa mlandu, ndi woweruza.

12 M'nthaŵi zamakono, njira imene m'Chingelezi imatchedwa mindfulness yafala m'zipatala, m'masukulu, ndi m'malo antchito. Inayamba kutchuka pambuyo pa 1979, pamene Jon Kabat-Zinn anayambitsa kosi yochepetsa kupsinjika pachipatala cha University of Massachusetts, akumatenga zambiri m'kusinkhasinkha kwa Abuda ndi kuzilekanitsa ndi miyambo yachipembedzo. Imaphunzitsa munthu kuona zimene zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo mwake panthaŵiyo, popanda kuziweruza. Kukhala chete, kupuma modekha, ndi kuzindikira mmene munthu akumvera kuli kothandiza, ndipo ponena za chithandizo chilichonse chimene angapatsidwe, Mkristu aliyense amasankha mogwirizana ndi chikumbumtima chake. Koma kudzipenda kwa m'Malemba kumapita patsogolo. Pambuyo pa kuona chimene chili mumtima, Mkristu amachiyerekezera ndi muyezo umene sunachokere mwa iye, ndipo amachipereka kwa Mulungu m'pemphero.

13. Kodi nchifukwa ninji munthu sangadalire chiweruzo cha mtima wake, ndipo kodi Mawu a Mulungu amathandiza motani?

13 Muyezo wakunja ngwofunika chifukwa chakuti mtima ngwonyenga kwambiri. (Yeremiya 17:9) Ungatche kaduka kuti changu, ulesi kuti kutopa, ndiponso kutopa kwenikweni kuti ulesi. Paulo mwiniyo ananena kuti kusadziŵa kwake kanthu komtsutsa sikunali umboni wakuti anali wolungama, pakuti womyesa ndiye Ambuye. (1 Akorinto 4:3, 4) Limodzi la mawu Achigiriki amene iye anagwiritsira ntchito pa 2 Akorinto 13:5, dokimazo, linkanenedwa ponena za kuyesa ndalama ndi zitsulo kuti zidziŵike ngati zinali zenizeni. Petro analigwiritsira ntchito ponena za golidi woyesedwa ndi moto. (1 Petro 1:7) Yakobo anayerekezera Mawu a Mulungu ndi kalirole. Akalirole akale anali a chitsulo chopukutidwa, kaŵirikaŵiri mkuwa, ndipo anafuna kuyang'anitsitsa. Amene amangosuzumira nachoka amaiŵala zimene waona, koma amene amapenyetsetsa ndi kuchitapo kanthu ndiye amapeza chimwemwe.—Yakobo 1:22-25.

Nthaŵi Yake ndi Njira Yake

14. Kodi ndi zitsanzo zotani zimene zimasonyeza kufunika kwa kupatula nthaŵi ya kudzipenda?

14 Mzati sungagogodedwe ndi munthu amene akuthamanga. Yesu anadzuka mbandakucha kupita kwayekha kukapemphera, ndipo pamene ophunzira ake anasoŵa ngakhale mpata wa kudya, anawaitanira kumalo apadera kuti akapumule. (Marko 1:35, 6:31) Davide analangiza okwiya kulankhula ndi mtima wawo ali chigonere pakama ndi kukhala chete, ndipo Paulo anati mkwiyo usafike nawo pa kuloŵa kwa dzuŵa. (Salmo 4:4, Aefeso 4:26) Mu 520 B.C.E., mneneri Hagai anauza Ayuda kaŵiri kuti alingalire mosamalitsa njira zawo, pakuti anali kufesa zambiri ndi kukolola zochepa pamene kachisi anali bwinja. Iwo anamvera, ndipo patangopita masiku 23 ntchito yomanga inayambiranso. (Hagai 1:1-15) Lerolino, mphindi zachete zimene zinalipo poyenda kupita kumunda kapena poyembekezera basi zamezedwa ndi wailesi ndi foni ya m'manja. Amene afuna mphindi zimenezo ayenera kuzipatula dala.

15. Kodi ndi mafunso anayi ati amene Mkristu angadzifunse?

15 Mphindi zisanu kapena khumi patsiku zingakhale zokwanira. Choyamba, munthu angafunse za thupi: 'Kodi ndagona mokwanira? Kodi ndadya? Kodi mutu ukuŵaŵa, mapeŵa auma, kapena mtima ukugunda mofulumira?' Chachiŵiri, angatchule mmene akumvera ndi liwu lenileni. Kunena kuti 'sindili bwino' sikokwanira. Kodi ndi mantha, manyazi, liwongo, kusungulumwa, kapena kukhumudwa? Chachitatu, angafufuze chiyambi: 'Kodi zimenezi zinayamba liti? Kodi ndikudziuza chiyani ponena za chochitikacho, ndipo kodi nzoona zonse?' Chachinayi, angafunse kuti: 'Kodi Malemba amanenanji pankhaniyi, ndipo ndi chinthu chimodzi chiti chimene ndingachite?' Ena amapeza kuti kulemba mizere iŵiri kapena itatu m'kabuku kumawathandiza kuona zimene zimabwerezabwereza. Kudzipenda kuyeneranso kuŵerengera zabwino za tsikulo, pakuti Paulo anagwirizanitsa mtendere wa Mulungu ndi pemphero lokhala ndi chiyamikiro.—Afilipi 4:6, 7.

16. Kodi mafunso ameneŵa angagwire ntchito motani m'moyo wa tsiku ndi tsiku?

16 Mwachitsanzo, mutu wa banja angaone kuti kwa mlungu wathunthu wakhala akukalipira ana pazifukwa zazing'ono, ndipo safunanso kupita kumisonkhano. Yankho lofulumira lingakhale lakuti anawo ngosamvera ndipo abale ngosasamala. Koma atakhala pansi, angakumbukire kuti wakhala akugona maora anayi okha usiku uliwonse. Angazindikire kuti chimene akumva si mkwiyo kwenikweni koma mantha, ndi kuti manthawo anayamba tsiku limene analandira uthenga wa ngongole imene mkazi wake sakuidziŵa. Iye wakhala akudziuza kuti mwamuna wolephera kulipira ngongole ngwopanda pake, chinthu chimene Yesu sanaphunzitse. (Luka 12:6, 7, 15) Tsopano njira yaoneka: kupepesa kwa anawo, kuuza mkazi wake zoona, ndi kukaonana ndi mwini ndalamayo. Ngongoleyo sinathe, koma yaleka kudya banjalo mobisika.

Pamene Kudzipenda Kusanduka Msampha

17. Kodi kudzipenda kumasiyana motani ndi kuganiza kwambiri?

17 Amene amagogoda mzati usana ndi usiku wosaleka adzauwononga ndi dzanja lake lomwe. Pali kuganiza kumene kumangozungulira pamalo amodzi, monga mbuzi yomangidwa pachikhomo. Susan Nolen-Hoeksema ndi Jannay Morrow anali atafunsa ophunzira a pa Stanford University za kaganizidwe kawo milungu iŵiri chisanachitike chivomezi cha mu 1989 pafupi ndi San Francisco. Pambuyo pake anapeza kuti amene anali ndi chizoloŵezi cha kubwerezabwereza maganizo a chisoni chawo anali ndi zizindikiro zambiri za tondovi, ngakhale patapita milungu 7. Olankhula Chishona amatcha mkhalidwe umenewu kufungisisa, ndiko kuti kuganiza kwambiri. Kusiyana kwake nkodziŵika ndi zipatso. Kudzipenda kuli ndi poyambira ndi pothera, ndipo kumatsogolera ku pemphero ndi kuchitapo kanthu. Kuganiza kwambiri kulibe pothera, kumalanda tulo, ndipo kumasiya munthu atafooka koposa poyamba.

18. Kodi Petro ndi Yudase anasiyana motani, ndipo kodi ndi mbuna ziŵiri ziti zimene ziyenera kupeŵedwa?

18 Usiku umodzimodziwo, atumwi aŵiri anachimwira Mbuye wawo, ndipo onse aŵiri anaona cholakwa chawo. Petro analira moŵaŵidwa mtima, koma anakhalabe pakati pa abale ake, ndipo pambuyo pake Yesu anampatsa ntchito ya kuŵeta nkhosa zake. Yudase anapita kwa ansembe amene analibe naye chifundo, ndiyeno anakadzipha. (Mateyu 26:75; 27:3-5; Yohane 21:15-17) Paulo anasiyanitsa chisoni chaumulungu, chimene chimabala kulapa, ndi chisoni cha dziko, chimene chimabala imfa. (2 Akorinto 7:10) Mbuna yoyamba ndiyo kudzitsutsa kopambanitsa, ndipo kwa wogweramo Yohane akupereka chitonthozo chakuti Mulungu amaposa mtima umene ukumtsutsawo ndipo amadziŵa zonse. (1 Yohane 3:19, 20) Mbuna yachiŵiri ndiyo kudziyesa ndi anthu ena, monga Mfarisi wa m'fanizo la Yesu amene anadzipenda napeza zabwino zokhazokha chifukwa chakuti muyezo wake unali wamsonkho. (Luka 18:9-14) Aliyense ayese ntchito yakeyake popanda kudziyerekezera ndi wina.—Agalatiya 6:4.

Pamene Thandizo la Ena Lifunika

19. Kodi chitsanzo cha Hana chimaphunzitsanji ovutika ndi awo amene amawamvetsera?

19 Nthaŵi zina kugogoda kumavumbula kuti mzati sungakonzedwe ndi munthu mmodzi. Hana, wosabala ndi wotonzedwa ndi mkazi mnzake, anafika pa kulira ndi kukana chakudya. Ku Silo anatsanulira mtima wake kwa Yehova, ndipo pamene mkulu wa ansembe Eli anamganizira kuti waledzera, iye anafotokoza mwaulemu vuto lake. Atamva mawu okoma a Eli, anapita, nadya, ndipo nkhope yake inasintha, ngakhale kuti anali asanakhale ndi pakati. (1 Samueli 1:6-18) Mwambi wina wa mu Afirika umati mbeŵa yamanyazi inafera kuuna. Mkristu wolemedwa angafikire mnzake wa muukwati, bwenzi lokhwima, kapena akulu a mpingo. (Miyambo 12:25, Yakobo 5:14, 15) Ndipo ofikiridwawo apeŵe kuweruza mofulumira kwa Eli. Wopsinjika afunikira mawu otonthoza, osati kuuzidwa kuti chikhulupiriro chake chachepa.—1 Atesalonika 5:14.

20. Kodi ndi liti pamene munthu ayenera kufuna chithandizo chachipatala, ndipo kodi zimene zinachitika ku Zimbabwe zimasonyezanji?

20 Yesu anavomereza kuti odwala afunikira sing'anga, ndipo Luka, mnzake wa Paulo, anali dokotala. (Luka 5:31, Akolose 4:14) Ngati kwa milungu iŵiri kapena kuposerapo munthu ali wachisoni pafupifupi tsiku lililonse, sakukondweranso ndi zimene ankakonda, ndipo tulo ndi kadyedwe kake zasokonezeka, angakhale akudwala tondovi, nthenda imene ili ndi chithandizo. Ngati wayamba kulingalira za kudzipha, ayenera kuuza munthu wina tsiku lomwelo ndi kuperekezedwa kuchipatala. Kulankhula ndi womvetsera wophunzitsidwa kumathandiza kwambiri. Ku Harare, dokotala wa nthenda zamaganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kuthandiza ovutika kutchula mavuto awo ndi kusankha limodzi loyamba nalo. M'kufufuza kofalitsidwa mu 2016, patapita miyezi 6 pafupifupi 14 peresenti ya othandizidwa motero ndiwo anali ndi zizindikiro za tondovi, poyerekezera ndi pafupifupi 50 peresenti ya olandira chisamaliro chanthaŵi zonse.

21. Kodi chonulirapo cha kudzipenda nchiyani, ndipo kodi ndani amene ali Woyesa mitima womalizira?

21 M'fanizo la Yesu, mwana woloŵerera anayamba ulendo wobwerera kwawo pamene anakumbukira mumtima ali pakati pa nkhumba. Anaona njala yake, anavomereza tchimo lake, analinganiza zokanena, nanyamuka. Atate wake anamthamangira akali patali. (Luka 15:17-20) Chonulirapo cha kudzipenda ndicho chimenecho: kuona msanga pamene munthu wafika ndi kutembenukira kwa Atate amene ali wofunitsitsa kulandira. Popeza kuti palibe amene angaone ngodya zonse za mtima wake, Davide anapempha Mulungu kuti amsanthule, adziŵe zomdetsa nkhaŵa, ndi kumtsogolera panjira yosatha. (Salmo 139:23, 24) Mkristu amene amapatula mphindi zoŵerengeka tsiku ndi tsiku kuchita chimodzimodzi sadzakhala wopanda mavuto. Komabe, pamene chimphepo chifika, chidzapeza mizati imene yakhala ikuyang'aniridwa.

Mafunso a Kubwereramo

□ Kodi mafunso amene Mulungu anafunsa Kaini, Eliya, ndi Yona amaphunzitsanji ponena za kudzipenda?

□ Kodi nchifukwa ninji Mawu a Mulungu ali ofunika podzipenda?

□ Kodi ndi mafunso anayi ati amene Mkristu angadzifunse tsiku ndi tsiku?

□ Kodi kudzipenda kumasiyana motani ndi kuganiza kwambiri?

□ Kodi ndi liti pamene munthu ayenera kufuna thandizo la ena?